Ulendo wa chilimwe wokaona malo ndi kufufuza kumene makolo anachokera

Mayi wina wa ku Nkolokosa, mumzinda wa Blantyre, walemba motere: "Ine ndi amuna anga tikhala pa tchuthi cha masabata awiri m'chilimwe chino, nthawi imene ana athu atatu adzakhale atatsekera sukulu. Tikufuna kuyenda pa galimoto yathu kuti ana akaone nyanja ndi mapiri, koma ine ndili ndi cholinga chinanso. Ndinabadwira ku Blantyre konkuno ndipo mbiri ya makolo anga sindiidziwa. Amayi anga, amene anabadwa chaka cha njala ya 1949, amangonena kuti kwathu ndi ku Mulanje, kuti agogo awo anachokera ku Mozambique, ndiponso kuti bambo awo anamenya nawo nkhondo ali msilikali. Kwawo kwa amuna anga ndi ku Ntcheu, ndipo agogo awo aamuna anapita ku Joni osabwerako. Kodi n'zotheka kuphatikiza zinthu ziwirizi pa ulendo umodzi? Tiyambire pati, nanga tikayembekezere kupeza chiyani?"

Mayi, n'zotheka ndithu. Ndinaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale kwa zaka zambiri, ndipo chipumireni pa ntchito ndakhala ndikuperekeza mabanja pa maulendo onga umene mukukonzawu. Musachite manyazi kuti mbiri ya kwanu simuidziwa, pakuti anthu ambiri obadwira ku Ndirande, ku Bangwe, ku Zingwangwa ndi m'madera ena a mzinda uno amadziwa dzina la boma ndi la mfumu yaikulu lokha, lija amalemba pa mafomu, koma mudzi weniweniwo anaupondamo mwina kamodzi kokha, pa maliro. Chimene ndikupempheni n'chakuti pokonza ndondomeko ya ulendowu muyambe mwalemba mayina a okalamba amene mukufuna kukacheza nawo, kenaka malo okaona muwalowetse m'mipata yotsalayo. Phiri la Mulanje mudzalipeza pomwepo chaka chamawa, koma gogo wa zaka 88 amene akukumbukira dzina la mayi wa agogo anu mwina simudzamupezanso. Mabanja ambiri amachita mosemphanitsa: amatha masiku asanu kunyanja, n'kudzera kumudzi masana a tsiku lomaliza ana atatopa ndiponso ndalama zitatha, ndipo amabwerako ndi thumba la mbatata lokha.

Ntchito iyambire m'nyumba mwanu, mwezi wathunthu musananyamuke. Amayi anuwo ndiwo kaundula wanu woyamba, koma musawafunse kuti, "Tandiuzani mbiri ya banja lathu," chifukwa funso lalikulu chotero limangowachititsa kuyankha kuti anaiwala. Afunseni timafunso ting'onoting'ono. Madzi ankatunga mumtsinje uti? Ankapemphera tchalitchi liti, ndipo ankayenda nthawi yaitali bwanji kuti akafikeko? Nandolo ankakagulitsa pa msika uti? Nkhoswe ya ukwati wawo anali yani? Funso lomalizali n'lofunika kwambiri, chifukwa nkhoswe kawirikawiri amakhala malume kapena mlongo wa munthu, ndipo dzina lake limakulozerani mbumba imene muyenera kukaifunafuna. Mukatero, tsegulani masutikesi ndi mabokosi akale a kwa amayiwo ndi a kwa apongozi anu. Funafunani makadi a ubatizo, mtchatho wa ukwati, ziphaso za msonkho, mamendulo a usilikali, zithunzi zolembedwa kumbuyo, maenvulopu a makalata okhala ndi keyala, ndi Baibulo lakale, popeza makolo ophunzira ankakonda kulemba masiku obadwa a ana awo pa tsamba loyamba. Ngati thanzi la amayi likulola, atengeni pa ulendowu, chifukwa kumudzi nkhope yawo idzakutsegulirani makomo amene kalata ya ofesi iliyonse singatsegule.

Ndikuchenjezeni msanga kuti zolembedwa za makolo athu n'zochepa, ndipo pali zifukwa zake. Lamulo la atsamunda lolembetsa obadwa ndi omwalira silinkakakamiza anthu akuda, motero unyinji wa makolo athu anabadwa, kukwatira ndi kumwalira osalowa m'buku la boma kupatula la msonkho. Kulembetsa mwana aliyense wobadwa kunakhala kokakamiza pamene lamulo la 2010 linayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo ziphaso za unzika ambiri tinalembetsa mu 2017. Pamwamba pa izo, mu 1919 moto unatentha maofesi akuluakulu a boma ku Zomba ndi mapepala ambiri a zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda. Choncho musayembekezere kupeza tsiku ndi mwezi umene agogo anabadwa. Zaka mudzazipeza poyerekeza ndi zochitika zodziwika, monga momwe amayi anu amachitira ndi njala ya 1949. Wokalamba akanena kuti anakwatiwa chitaganya chitangoyamba, ndiye kuti ndi cha mu 1953. Akati mwana wake woyamba ankakwawa pamene Kamuzu ankatera pa Chileka, ndiye 1958. Akati anapita ku Halale ndalama ya kwacha isanabwere, ndiye kuti 1971 inali isanakwane. Lembani mawu ake enieniwo poyamba, chaka chimene mukuganiziracho muchilembe pambali ndi pensulo.

Chachiwiri chimene chimasokeretsa anthu am'tauni ndi dzina la bambo. Tinazolowera kusukulu ndi kuntchito kuti banja limadziwika ndi dzina la bambo, koma Alhomwe a ku Mulanje, monganso Amang'anja, Ayao ndi Achewa, amatsata mbumba ya kuchikazi. Bambo a amayi anu, msilikali uja, mwachidziwikire anali mkamwini m'mudzi umene amayi anabadwira, ndiye kuti abale ake ndi manda a makolo ake zili kumudzi wina. Mukafika n'kumafunsa dzina lake lokha, anthu angakuuzeni kuti anali wobwera ndipo sakumudziwa bwino. Mukatchula dzina la mayi wa amayi anu ndi alongo awo, mudzaona anthu akuitanizana. Dziwaninso kuti munthu mmodzi ankatha kukhala ndi mayina anayi: la ukhanda, la kuchinamwali, la ubatizo, ndi lina limene kapitawo wa pa esiteti kapena mlembi wa kumigodi anamulembera chifukwa cholephera kutchula lake. Ena polowa usilikali kapena popita ku Joni ankatenga dzina la mchimwene wawo kapena la malume. Aliyense amene mukumufufuza, funsani mayina ake onse pamodzi ndi mfunda wake.

Tsiku loyamba la tchuthi musatuluke mu Blantyre. Ana ambiri a mumzinda uno sanalowepo m'tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene M'busa David Clement Scott ndi amisiri akuda anamanga pakati pa 1888 ndi 1891 pa mishoni imene inakhazikitsidwa mu 1876. Pitaninso ku Mandala House, nyumba ya mu 1882, kumene kuli laibulale ya Society of Malawi yosunga mabuku, mapu ndi zithunzi zakale, ndipo mukathe ndi nyumba ya zinthu zakale ya pa Chichiri. Podutsa pa depoti ya Wenela, amuna anu awauze ana kuti dzinali linachokera ku bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, limene linkalemba anthu opita kumigodi ya ku South Africa. Mwanayo akadziwa kuti malo amene amakwererapo basi ali ndi dzina lokhudza agogo a bambo ake, adzayamba kumvetsera mosiyana.

Chilimwe ndi nyengo yabwino pa ntchitoyi chifukwa misewu yafumbi imapitika, anthu amakhala atakolola ndipo amapezeka pakhomo, komanso ndi nthawi ya maukwati ndi yomanga ziliza, pamene achibale obalalika amasonkhana. Ngati kumudzi kwa amayi kapena kwa amuna anu kukukonzedwa mwambo wotero, sinthani masiku a ulendo kuti mukapezekepo, chifukwa tsiku limodzi pamenepo limaposa sabata yoyenda khomo ndi khomo. Popita ku Mulanje mungadzere msewu wa Midima, umene ndi wachidule, kapena wa ku Thyolo wodutsa m'minda ya tiyi. Ine ndimakonda kupita ndi wa Midima kuti ndipatukire ku PIM ku Chiradzulu, kumene John Chilembwe anakhazikitsa mishoni yake mu 1900 ndi kuyambitsa kuukira kwa mu Januwale 1915. Malowa akukhudzani inu mwapadera, popeza ambiri mwa anthu amene ankapemphera naye anali Alhomwe obwera kumene kuchokera ku Mozambique, amene ankavutika ndi thangata m'minda ya azungu.

Kafikidwe kanu kumudzi ndi kamene kadzagamule ngati ulendo wonse upindule kapena ayi, ndipo pano ndikuuzani zimene zinandionekera ine ndemwe. Chaka china ndinaperekeza banja lina kumudzi wina umene sindiutchula. Tinafika ndi galimoto ziwiri popanda kutumiza mawu, ine kope lili m'manja, ndipo bambo wa banjalo atangotsika anafunsa kuti, "Munda wa agogo unkalekezera pati?" Iye ankangofuna kuujambula chithunzi. Koma anthu anamva kuti akutauni abwera kudzalanda malo, ndipo pasanathe ola limodzi okalamba onse anali atadwala mutu kapena atapita kudimba. Tinabwerako chimanjamanja, ndipo panatenga zaka ziwiri kuti banjalo lilandiridwenso. Ku Mulanje, ku Thyolo, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu malo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, ndipo mwana wamkazi wa mbumba, monga inuyo, ali ndi mbali pa munda wa amayi ake mwa mwambo. Anthu akakukayikirani, sikuti ndi oipa mtima ayi, ali ndi chifukwa.

Choncho tumizani mawu sabata ziwiri zisanakwane kudzera mwa wachibale amene amapitapita kumudziko. Mukafika, yambani mwalonjerana ndi mwini mbumba, ndipo iyeyo ndiye akutengereni kwa anyakwawa. Nenani poyera pamaso pa onse kuti mwabwera kudzaonetsa ana kwawo ndi kudzadziwa mayina a makolo, ndipo nkhani ya malo mulibe nayo gawo. Tengani shuga, sopo, mchere, mafuta ophikira ndi chitenje cha agogo aakazi, ndi kangachepe ka amfumu monga mwa mwambo wa kumaloko, kamene wachibale wanuyo angakuuzeni. Tsiku loyamba kope likhale m'chikwama. Idyani chimene akuphikirani, kaya ndi kalongonda kaya ndi nandolo, ana asewere ndi anzawo, ndipo ngati n'kotheka mugone komweko usiku umodzi. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nkhani zenizeni zimatuluka pa tsiku lachiwiri, ndiponso sizituluka pa bwalo pamene amuna akhala pa mipando. Ndikukumbukira gogo wina wamkazi amene pa msonkhano wa banja anangoti, "Ine sindidziwa kanthu, funsani amunawa." Madzulo mdzukulu wake wa ku Blantyre anakhala naye pa mphasa kuseri kwa nyumba akusola nandolo, n'kumuonetsa pa foni chithunzi chakale cha ukwati. Gogoyo anaibweretsa foniyo pafupi ndi maso, n'kuloza mayi woima kumapeto, nati, "Uyu si mlongo wake wa mkwati ayi, ndi mkazi wamng'ono wa malume ake, anachokera kutsidya kwa Muloza." Kuchokera pamenepo anatchula mibadwo inayi ya akazi motsatana, nandolo akugwera m'lichero, osaphonya ndi mmodzi yemwe. Inuyo, Mayi, khalani ndi akazi kumphasa, amuna anu akhale ndi amuna, ndipo usiku mufananitse zimene mwamva. Pemphani chilolezo musanajambule mawu pa foni, ndipo wokalamba akatopa musamukakamize. Ola limodzi m'mawa ndi lina madzulo n'lokwanira. Anthu awiri akasiyana mawu, musaweruze pomwepo kuti wina wanama, lembani zonse ziwiri ndi dzina la amene wanena.

Kumanda musapiteko nokha ngakhale mutawaona ali pafupi ndi msewu. Chilolezo chimachokera kwa amfumu, ndipo amakupatsani munthu wokuperekezani. M'madera a Achewa, kumanda kumakhalanso dambwe la gule wamkulu, kumene munthu wosameta saloledwa kufika. Manda ambiri akale alibe chiliza, amadziwika ndi mtengo kapena mwala, ndipo amene amawadziwa bwino ndi adzukulu okumba manda. M'mwezi wa Ogasiti mudzakumananso ndi zinamwali m'midzi ya ku Mulanje, ku Machinga ndi ku Mangochi. Auzeni ana asajambule kapena kulondola anamwali ndi anamkungwi awo.

Za ku Mozambique, dziwani kuti Alhomwe ambiri analowa m'dziko muno kuyambira m'zaka za m'ma 1890 mpaka cha m'ma 1930, pothawa nkhondo, msonkho, ntchito yokakamiza ya Apwitikizi ndi njala, ndipo ankalandiridwa m'maesiteti kumene ankalipira malo okhala ndi thukuta lawo. Funso lothandiza si lakuti anachokera mudzi uti, popeza midzi inasintha mayina, koma lakuti anali a gulu liti: Amihavani, Amanyawa, Atakhwani kapena ena, ndiponso phiri kapena mtsinje umene ankautchula akamakumbuka kwawo. Ambiri amatchula phiri la Namuli. Kuwoloka chipata cha Muloza kupita ku Milange kumafuna ziphaso za aliyense ndi mapepala a galimoto, ndipo ine ndingati muusiye ulendo umenewo mpaka mutapeza dzina lenileni la malo. Ana apatseni tsiku lawo ku Likhubula, akwere pang'ono ndi wolondolera alendo mpaka pa Dziwe la Nkhalamba, koma madzi ake ndi ozizira ndi akuya, ndiye wosadziwa kusambira asalowemo. Majuzi musawasiye, chifukwa chiperoni chimatha kubwera ngakhale mu Ogasiti.

Musanachoke m'deralo, fikani ku tchalitchi kumene makolo ankapemphera. M'dziko muno mabuku a mipingo ndiwo zolembedwa zodalirika kwambiri za anthu wamba. Kaundula wa ubatizo wa Akatolika amakhala ndi dzina la wobatizidwa, makolo ake, mudzi ndi womuimira, ndipo nthawi zina ansembe ankawonjezera m'mphepete za ukwati wake. A CCAP ali ndi mabuku a ubatizo, a maukwati ndi a zokambirana za akulu a mpingo. Kumbukirani kuti tchalitchi laling'ono la lero linali nthambi ya mishoni yaikulu kale, choncho buku la m'ma 1940 lingapezeke ku mishoni imeneyo osati pamudzipo. Lemberani bambo mfumu kapena abusa ndi mlembi wa mpingo pasadakhale, musafike Lamulungu, ndipo musiye chopereka. Konzekeraninso kukhumudwa: pa parishi ina anandibweretsera buku limene ndinkalifuna, koma chiswe chinali chitadya ndendende zaka zitatu zimene tinadzera.

Kuchokera ku Mulanje mungapite ku Zomba kudzera ku Phalombe ndi Jali, koma funsani kaye za milatho, popeza namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anawononga misewu yambiri ya kumeneko. Ku Zomba konzani masiku awiri apakati pa sabata, chifukwa National Archives of Malawi, nyumba yosunga zolembedwa zakale za dziko lino kuyambira mu 1947, satsegula Loweruka ndi Lamulungu. Imbani foni kapena lembani kalata musanapite kuti mudziwe zofunika ndi ndalama yolipira. Kumeneko simukapeza faelo ya dzina la agogo anu, pokhapokha akanakhala mfumu, mphunzitsi, mlembi wa boma kapena munthu amene anali ndi mlandu waukulu. Chimene mukapeze ndi mabuku amene abwanamkubwa a maboma ankalembamo za mafumu, midzi ndi kusamuka kwa anthu, malipoti a pachaka, mapepala ena a mishoni ndi nyuzipepala zakale. Zimenezi zimakuthandizani kutsimikizira kuti mudzi wakutiwakuti unakhazikika liti ndiponso pansi pa mfumu iti. Pofufuza gwiritsani ntchito kalembedwe ka atsamunda: Mulanje ankalemba Mlanje, Thyolo Cholo, Ntcheu Ncheu, Mangochi inali Fort Johnston, Nsanje Port Herald, ndipo Alhomwe ankawalemba ndi dzina lakuti Anguru, limene eni ake salikonda. Ogwira ntchito kumeneko amadziwa mashelefu awo kuposa mndandanda uliwonse, ndiye auzeni nkhani yanu mwachidule ndipo mverani malangizo awo. Ana sangapirire kukhala chete m'chipinda chowerengera, choncho bambo awo akwere nawo phiri la Zomba akaone damu la Mulunguzi, mathithi a Williams ndi dzenje la Chingwe.

Za agogo anu msilikali, zaka za amayi anu zikusonyeza kuti anamenya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ya 1939 mpaka 1945, m'gulu la King's African Rifles, limene asilikali ake ochokera ku Nyasaland anamenya ku Somaliland, ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Angakhalenso mmodzi wa amene anapita ku Malaya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Chipilala cha asilikali cha ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, n'choyenera kuchiona, koma mayina olembedwa pamenepo ndi a anthu amene anafa pa nkhondo, makamaka yoyamba ija makolo ankaitcha ya Chiwaya, ndiye musadabwe dzina lawo likasowa. Chinsinsi pofufuza msilikali ndi nambala yake ya usilikali. Ionani pa buku lake lotulukira usilikali, pa mapepala a penshoni kapena m'mphepete mwa mendulo, popeza mamendulo ena anadindidwa nambala pamene ena alibe. Mukakhala ndi nambalayo, lemberani akuluakulu a asilikali a dziko lino kapena bungwe la asilikali opuma. Popanda iyo, dzina lokha silikufikitsani patali.

Mukachoka ku Zomba, pumulani. Kwerani bwato pa Shire ku Liwonde ana aone mvuu ndi njovu, gonani masiku awiri kapena atatu kunyanja ku Mangochi, ndipo mukafika ku Cape Maclear muone manda a amishoni a Livingstonia amene anafika kumeneko mu 1875. Popita ku Ntcheu dzerani ku Golomoti kuti mupatukire ku Mua, mishoni ya mu 1902, kumene nyumba ya chikhalidwe ya Kungoni imafotokoza bwino miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Amuna anu adzafika kwawo ali ndi mafunso abwinopo akaona chipinda cha Angoni. Kenaka kwerani msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere, masana ndithu, mabuleki ali bwino.

Ku Ntcheu mwambo ndi wosakanikirana, chifukwa Angoni a Maseko anakwatirana ndi eni dziko amene anawapeza, ndipo m'mudzi umodzi mungapeze ena a chitengwa, ena a chikamwini. Mfunda ndi umene umathandiza kwambiri kuno, ndipo akazi okalamba amadziwika ndi mayina monga Nangozo, Najere kapena Namaseko kuposa a ubatizo. Msewu wa M1 cha ku Lizulu ndi ku Biriwiri umayenda m'malire enieni, kotero kuti achibale ena angakhale tsidya la msewu, m'dziko la Mozambique. Za agogo amene anachona, funsani chaka chimene ndalama kapena makalata anasiya kubwera, dzina la mgodi, ndi amene anapita nawo limodzi, chifukwa anthu ankapita m'magulu a pamudzi ndipo wobwerako ankadziwa za otsala. Funsaninso ngati anapita kudzera ku Wenela kapena anayenda yekha, popeza oyenda okha ambiri ankathera m'mafamu ndi m'migodi ya ku Zimbabwe osafika n'komwe ku Johannesburg, ngakhale kumudzi ankangoti ali ku Joni. Ngati anapita ndi Wenela, kunali kusanafike mu 1974, pamene ndege inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 ndipo boma linaimitsa kulemba anthu, kapena pambuyo pake m'nthawi ya TEBA. Bungwe la TEBA ndilo linatenga mabuku a Wenela, ndipo nalonso limafuna nambala ya munthu. Chenjerani ndi anthu amene amayendayenda n'kumatolera ndalama polonjeza kuti akupezerani chipukutamisozi cha kumigodi.

Pali zina zimene mungapeze zosakondweretsa, ndipo ndi bwino kuti inu ndi amuna anu mugwirizane pasadakhale za mmene mudzazisamalire. Mchona uja angapezeke kuti anakwatira kwina ndipo ali ndi zidzukulu ku Mbare kapena ku Bulawayo. Mungamve kuti gogo wina anafika m'mudzimo ngati kapolo kapena wogwidwa pa nkhondo, kuti wina anathamangitsidwa pomuganizira ufiti, kapena kuti bambo amene aliyense amamutchula sanali bambo womubereka munthu. Ndaonapo mabanja akudana chifukwa wina anathamangira kuika nkhani yotero pa gulu la WhatsApp la banja usiku womwewo. Walira mvula walira matope, inde, koma matopewo simuyenera kuwapaka aliyense. Sungani nkhaniyo, ifunseni kwa munthu wachiwiri, ndipo mukambirane ndi amayi kapena mwini mbumba musanauze ana. Ikabuka nkhani ya malo, ya ufumu kapena ya chuma cha masiye, imitsani kafukufuku wanu ndipo muisiyire ankhoswe ndi mafumu. Ikakula, funsani ku ofesi ya DC kapena kwa loya. Mukapeza mapepala a Chipwitikizi, a Chilatini kapena olembedwa mwa kalembedwe kovuta, aphunzitsi a mbiri yakale ku University of Malawi ku Zomba kapena ansembe achikulire angakuthandizeni. Ndipo mukaona kuti nkhani zina zikuwaliza amayi anu kapena kuwasowetsa tulo, lekani kufunsa, muwapatse nthawi yocheza ndi abusa awo kapena munthu amene amamukhulupirira.

Za galimoto sindichulutsa mawu. Ipititseni kwa makaniko sabata imodzi musananyamuke, onani matayala pamodzi ndi lapadera, jeke, inshuwalansi ndi COF. Thirani mafuta paliponse pamene mwawapeza thanki ikafika theka, chifukwa mukudziwa mmene amasowera nthawi zina, ndipo musayende usiku pa M1. Sungani ndalama ya pa zipata zolipiritsa monga cha pa Chingeni, ndi ndalama zina zapamanja za kumudzi, kumene mudzapemphedwa thandizo la fizi kapena la mankhwala. Gwirizanani kuchuluka kwake muli ku Blantyre. Tengani masikito a aliyense ndi madzi akumwa. Mankhwala a amayi, ngati amamwa a BP kapena a shuga, akhale okwanira masiku onse ndi ena apadera, ndipo akaonane ndi dokotala asananyamuke. Mwana akatentha thupi pa ulendo kapena mutabwerako, kamuyezetseni malungo tsiku lomwelo, ndipo amene asambira m'nyanja mukawatchule kuchipatala kuti aone za likodzo pakapita miyezi iwiri kapena itatu.

Anawo apatseni ntchito kuti asaone ngati akungoperekeza akuluakulu. Wamkulu ajambule mawu ndi zithunzi, wapakati alembe mayina pa pepala lalikulu limene mudzalimate kukhoma, wamng'ono afunse agogo nthano ndi nyimbo za paubwana wawo. Usiku uliwonse lembani tsiku, mudzi ndi dzina la wolankhula pa chilichonse chimene mwajambula, ndipo mukapeza netiweki tumizani zonse ku imelo yanu, chifukwa foni imagwera m'madzi kapena kubedwa. Mukabwerera ku Nkolokosa, tsukitsani zithunzi za okalamba aja pa pepala, mukopere ndi mndandanda wa mayina, ndipo muzitumize kumidzi yonse iwiri ndi munthu wodalirika mvula isanayambe, popeza m'mayina amenewo mudzakhala zolakwika zimene eni ake okha ndiwo angazikonze.